Mwandida ndi Chimauka cha Mitu Yophukira

Padangokhala. Anyamata inu nyamukani mukaone mbuzi kudambo, iyi ndi ya atsikana ndi amayi awo. Otsalanu senderani pafupi, ndipo musaseke, chifukwa oseka ndi amene zimayamba kuwagwera.

M'mudzi wina wa m'mphepete mwa mtsinje munali atsikana awiri a mimba imodzi. Wamkulu anali Lufina, wamng'ono Mwandida. Lufina anali wokongola mopweteka maso: khosi la mizeremizere, mpata pakati pa mano, kuyenda ngati pansi pali mazira. Mwandida anali wamfupi, wa zidendene zong'aluka. Akamagawa ziwiya zopita nazo kumjigo, ndowa yatsopano inali ya Lufina, yobooka ya Mwandida. Ngakhale dzina lake anthu sankalitchula. Ankangoti, "Itanani mng'ono wake wa Lufina uja," ngati dzinalo linagwera m'chitsime.

Lufina anakwatiwa ndi Gwedeza, kalipentala, amene anadzamanga nyumba pa chikamwini pomwepo. Akapita kutauni ankabwera ndi jumbo: sopo wonunkhira, mapanti a nayiloni onyezimira, mikanda ya m'chiuno. Mwandida ankatola pepala la sopoyo padzala, n'kulibisa pansi pa mphasa, n'kumalinunkhiza mtima ukumuwawa ngati wameza khala la moto.

Tsono mvetsani apa. Awiriwa anavinidwa pamodzi, ndipo anamkungwi anawauza chinsinsi. Lufina ankawodzera, akuganiza za nsalu yotulukira. Mwandida anamva zonse, poti munthu amene samuyang'ana amakhala ndi nthawi yomvetsera.

Anamkungwi anati: "Mkazi aliyense ali ndi alonda ake, tianthu tosaoneka ndi maso, tokhala m'njira yobadwira mwana. Ntchito yawo n'kusunga malowo ali owawasa pang'ono ngati chambiko. Kuwawasako kumagoneka tulo kambewu ka Chimauka, kamene kali mwa mkazi aliyense, wabwino ndi woipa yemwe. Alonda akathawa, kambewu kamadzuka. Ndiye malamulo ndi atatu. Sopo asalowe m'kati, madzi osamba kunja akwana. Makapisozi musameze achipatala asanakuuzeni, chifukwa amapha osafunsa kuti uyu ndi mdani kapena mlonda. Ndipo musaswere ndi chovala cham'kati chonyowa, chosapitisa mphepo."

Lufina anaswa onse atatu mwezi umodzi. Atagwidwa ndi kachimfine, Gwedeza anamubweretsera makapisozi a pamsika, iye n'kumameza ngati mtedza. Nayiloni ankamuvala asanaume. Ndipo tsiku lina Mwandida, akupereka madzi kubafa, anaona mkulu wake akulowetsa thovu la sopo kumene sopo safika. Anatsegula pakamwa kuti anene. Kenaka fungo lija linamulowa m'mphuno, ndipo anatseka. Mumtima anati, "Awa zonse ali nazo. Chimodzi chokha chiwasowe."

Ana inu, opani pakamwa potsekedwa dala. Pamapweteka kuposa potukwana.

Sabata isanathe Lufina anayamba kuyabwa. Kunali kuyabwa kosakandika pagulu, kochititsa munthu kuimirira pamaliro. Kunatupa, kunafiira, pokodza pankaotcha, ndipo kunkatuluka zoyera zamibulumibulu ngati mkaka wogona. Gwedeza akamuyandikira, Lufina ankalira ndi ululu n'kutembenukira kukhoma. Masana aliwonse ankazemba kupita kumtsinje kukakhala m'madzi ozizira kuti moto uzimeko. Mwandida ankadziwa, poti anamutsatira kawiri.

Nsanje ya Gwedeza inali ya mtundu wina, yosanthula ndi mapazi a pakhomo omwe. Tsiku lina anapeza Mwandida akusinja.

"Mlamu," anatero, "achemwali akowa amapita kuti dzuwa likafika pamutu?"

Mwandida anaimitsa munsi. Kanali koyamba kuti Gwedeza amuyang'ane m'maso.

"Kaya, alamu. Ine sandiuza. Amangodzola mafuta n'kumapita."

Za mafutazo anawonjezera yekha. Mawu ochepa chabe, koma anagwera pa udzu wouma.

"Ndimadziwa ine!" anakuwa Gwedeza. "Matenda amenewa akawatenga kwa mwamuna! Ine sopo, ine mikanda, wina n'kumadyerera!"

Amayi a atsikanawo, pofuna kuzimitsa nkhani, anaitana mayi wina wodula mauka. Anabwera ndi lezala lake lakale lomwe ankadulira mudzi wonse. Ine lezala limenelo ndimaliopa kuposa njoka, chifukwa limachotsa magazi kwa uyu n'kukapatsa uyo. Anadula, Lufina anakuwa, magazi anatayika, ndipo kuyabwa kunabwerera ndi abale ake.

Gwedeza anakaitana ankhoswe. Anati, "Mwezi uno ukafa osandiuza dzina la mwamunayo, ndipinda mphasa yanga. Mudzi wonse udziwe chimene ndachokera."

M'mawa mwake Lufina anapita kumtsinje, ndipo sanabwerenso. Pagombe anapezapo mikanda yake yoduka, ndi ulusi woyera wonanda ngati wa kangaude, wolowera kumtunda kwa madzi. Akuluakulu atauona anagwira pakamwa. Chimauka chinali chitakula mpaka kukoka mwini wake kupita naye kuphanga.

Amuna khumi anapita ndi zikwanje. Anabwerako madzulo ali mbuu.

"Chili ndi mitu yosawerengeka," anatero mmodzi. "Ukadula umodzi, pachilondapo paphukira iwiri. Tachisiya chitanenepa kuposa mmene tinachipezera."

Gwedeza sanapite nawo. Anati, "Chilombo chanji? Wathawa ndi mwamuna wake ameneyo." Ndipo anatenga sopo wotsala n'kupatsa Mwandida. "Tenga, mlamu. Iwe ndiye wakhalidwe pakhomo pano."

Mwandida anasamba sopo uja kuyambira kumutu mpaka ku zidendene zong'aluka. Anatuluka akununkhira, n'kudutsa kumbuyo kwa amayi ake amene anakhala pakhonde masiku atatu osadya. Amayi ananunkhiza, nadzambatuka.

"Lufina! Mwana wanga!"

Atacheuka n'kuona kuti ndi Mwandida, nkhope yawo inagwa ngati khoma la m'dzinja. "O, ndiwe," anatero, n'kukhalanso pansi.

Musaganize kuti Mwandida ananyamuka chifukwa cha chisoni chokha. Chisoni chinalipo, koma chinayenda pambuyo. Patsogolo panali mawu akuti, "Achemwali ndikawatenga ndekha kumene amuna khumi alephera. Tione ngati sadzalitchula dzina langa." Anamanga mbatata zophika pansalu, natsata ulusi woyera uja.

Anayenda, anayenda, minga ikumung'amba miyendo. Dzuwa litapendeka anamva kulira kwa tianthu tambirimbiri pansi pa mkuyu. Anawerama. Pa tsamba limodzi panali kachithovu koyera, konunkha chambiko, ndipo m'kachithovumo munkatuluka mawu.

"Taonani wabwera! Si uja anatseka pakamwa uyu?"

"Ndi yemweyo. Akununkha sopo amene anatithamangitsa."

"Ndinu ndani?" anafunsa Mwandida.

"Ndife alonda a Lufina, otsala ake. Anzathu anafa ndi makapisozi, ife tinakokoloka ndi thovu. Iwe unali pomwepo ndi ndowa yako yodontha."

"Nanga bwanji osabwerera mukamenyane nacho?"

"Ife timagoneka kambewu, sitigwetsa chimphona. Chikakula chonchi pafunika ana a Nadothi. Nadothi amakhala pansi pa nthaka, ndipo ana ake akhala akumenyana ndi fuko lonse la chuku kuyambira dziko lili lofewa. Unamvapo fungo la mvula yoyamba ikagwa pa fumbi? Ndi mpweya wake umenewo. Koma ndi thupi lakolo sulowako."

Tialonda tinamulavulira malovu owawasa pamphumi. Mwandida anaona mkuyu ukutalika, udzu ukusanduka mitengo, ndipo iye anali nyerere yakuda ya miyendo isanu ndi umodzi. Analowa pa mng'alu wa nthaka, akutsata fungo la mvula, mpaka anafika m'chipinda chozizira n'kubwereranso umunthu.

Pakati pa chipindacho panakhala nkhalamba yofiirira ngati katondo. Tsitsi lake linali lalitali, lolowa m'makoma mbali zonse ngati mizu, ndipo m'tsitsimo munkasewera tiana tachikasu tosawerengeka.

"Odi, agogo," anatero Mwandida atagwada.

"Odi wako ndamumva, ndipo chimene wadzera ndikuchidziwa. Koma ana anga sindipatsa chitsiru. Chilape!"

"Nachize!"

"Ukandidula ndiseka, ukandiyanika ndilira."

Mwandida anakumbukira mphale yochita chuku imene ankamupatsa iye nthawi zonse kuti ayanike. "Ndi chuku, agogo, ndi abale ake onse. Chimauka ndi mmodzi wa iwo."

"Wakhoza. Chilape!"

"Nachize!"

"Mtsuko wanga sunasweke, wina sanamwemo, koma madzi atha."

Mwandida anaseka mowawa. "Umenewo ndi wobooka. Ine ndakula nayo ndowa yotero. Kabowo ngati ka singano, koma ukafika kunyumba uli ndi theka."

"Wakhozanso. Tsono ichi. Chilape!"

"Nachize!"

"Kanthu kanga kali ndi maso awiri ndi pakamwa pamodzi. Maso anagwira ntchito, pakamwa panagona. Podzuka, pakamwapo pananena za mafuta."

 Tiana tachikasu tinaleka kusewera. Mwandida anayang'ana pansi.

"Kanthu kameneko ndine, agogo."

"Eya," anatero Nadothi. "Ukanati ndi nkhuku, ukanatuluka muno uli nyerere mpaka imfa."

Nkhalamba ija inapesa tsitsi lake ndi zala, n'kuumba tiana tachikasu kukhala timibulu khumi ndi tinayi, kalikonse kofanana ndi nyemba yaikulu. Kenaka inanyenya kachidutswa n'kukaika pachikhatho cha Mwandida.

"Yang'anitsitsa."

Tiana tinayendayenda pakhungu lake, tikununkhiza. Kamodzi kanati, "Pano mafuta athu palibe." Tonse tinakhala pansi, osaluma, osakanda.

Nadothi anatenga chitsononkho cha chimanga choyera ndi chuku n'kuchigunditsa pachikhathopo. Tiana tinalumpha ngati linthumbu. Chuku chinayamba kutuluka thukuta, kunyala, mpaka chinangotsala fumbi.

"Waona?" anatero Nadothi. "Khungu la Chimauka linamangidwa ndi mafuta akeake, osiyana ndi a khungu la munthu. Mafutawo ndiwo amalimbitsa khungulo kuti madzi ndi mchere wa moyo wake zisatayike. Ana anga amawadziwa fungo. Akawapeza amawagwira, n'kuitanizana, n'kugwirana manja mozungulira ngati amayi pa bwalo la chimtali. Pakati pa bwalo pamakhala chiyani?"

"Pamakhala popanda kanthu."

"Limenelo ndiye bowo. Bwalo apa, bwalo apo, mabowo zikwizikwi. Chilombo sichidulidwa, sichimenyedwa. Chimangodontha ngati ndowa yako mpaka kuuma. Mchemwali wako ana anga amulambalala, poti mafuta amene amawafuna mwa iye mulibe."

"Ndiye ndikachiponyere m'kamwa?"

"Usayerekeze! Muzu wake suli m'phangamo, uli mwa Lufina. Mibuluyi si yomeza. Akameza idutsa njira ya m'mimba, kumene kuli nkhondo osafikako. Asambe m'manja, agone chagada, alowetse umodzi m'kati mwa njira yobadwira mwana ija, kutali ndithu. Umodzi patsiku, pa nthawi yogona, kuti usungunuke osagwa. Poyamba ukhoza kutenthako pang'ono, asaope. Akapita kumwezi asaleke. Mwamuna ayambe wadikira. Ndipo imva ichi, iwe wa pakamwa pogona: tsiku lachitatu kapena lachinayi kuyabwa kudzatha. Pamenepo ndiye pali msampha. Mitu ikuluikulu imafa msanga, koma ting'onoting'ono timabisala m'makwinya. Mukasiya mbulu ngakhale umodzi, chidzaphukanso, ndipo chidzabwera chokwiya."

Mwandida anamanga timibulu pa mfundo ya nsalu. Nadothi anamuuzira mpweya wa mvula, ndipo anapezeka ali pakhomo pa phanga, tialonda tili pa tsamba lawo m'dzanja lake. Anatiika pamthunzi, nalowa.

M'phangamo munali motentha ndi monyowa ngati m'bafa la udzu, mukununkha ngati ufa wa mandasi wofufuma. Ndipo apo chinali, Chimauka, choyera mbee, chodzaza phanga mpaka kudenga. Mutu unkaphuka pa mutu, pa tsaya la uwu patuluka kena, pa mphumi ya kenako patulukanso kena, yonse ikunyambita milomo. Pansi pake panagona Lufina, wokulungidwa ndi ulusi, ataonda ngati mpesa.

"Ndani uyo?" anafunsa Lufina mofooka. Atamuzindikira anati, "Iwe? Atuma iwe? Amuna onse atha m'mudzimo?"

Mwandida anamva khala lija likuyakanso. Anatsala pang'ono kutembenuka. Munthu wamangidwa ngati mbuzi ya pamsika, koma pakamwa pakadali pa ufumu!

"Amuna anabwera, achemwali, n'kuthawa. Yemwe watsala ndi wa ndowa yobooka. Mulandira kapena ndibwerere?"

Chimauka chinaseka ndi mitu yonse, phanga n'kugwedezeka. "Kamtsikana, chikwanje chako chili kuti? Lezala lili kuti? Ndidule, ndakhala ndikulakalaka ana ena."

Mwandida anatambasula manja. "Ndilibe kanthu, agogo. Ndangobwera kudzasamalira matenda."

"Khala, khala. Nawenso kambewu kanga uli nako. Tsiku lina tidzacheza."

Mwandida anatunga madzi, nasambitsa manja a mkulu wake, namunong'oneza zonse. Nthawi yogona itakwana, Lufina analowetsa mbulu woyamba.

Kutacha, m'phanga munkamveka kanyimbo kochokera kutali, ngati ka udzudzu wambiri:

Gwira dzanja, ndigwire lako,
Pakati pasiye, pakati pasiye,
Mafuta ake tawapeza,
Madzi ake atayike.

Chimauka chinadzikanda. "Kodi muno mukudontha?" chinafunsa. Sichinali denga. Mitu yake inali ikutuluka timadontho, ting'onoting'ono ngati mame. Chinafufuza mdani mbali zonse, koma panalibe womuluma. Tsiku lachiwiri chinabangula. Lachitatu mitu ikuluikulu inayamba kukwinyika ngati mabilinganya oiwalika padzuwa. Lachinayi inagwa umodziumodzi, phwa, phwa, phwa, ndipo ulusi unamasuka.

Lufina anaimirira, nadziongola, naseka koyamba.

"Ndachira! Kuyabwa kwatheratu. Tiye kwathu, mwezi usanafe. Mibulu yotsalayo tisunge, idzatithandiza tsiku lina."

"Anati ithe yonse, achemwali."

"Iwe, thupi ndi langa kapena lako? Ndikatsuke nkhope, tinyamuke." Ndipo anatuluka kupita kumtsinje.

Mwandida atatsala yekha anamva mawu otsika kuchokera pa mng'alu wa thanthwe.

"Mlamu."

Anacheuka. Pamng'alupo panali kamutu kakang'ono ngati dzira la njiwa. Kakumuyang'ana choncho kanasintha, kanamera ndevu, kanatenga maso ndi mphuno, mpaka kanali nkhope ya Gwedeza yeniyeni.

"Mlamu, wavutikiranji? Wamva mmene anakulandirira? Mukafika kumudzi adzaimbira nthungululu ndani? Adzati Lufina wabwera. Iwe adzakutuma madzi oti asambe."

"Khala chete."

"Sindikupempha chovuta. Iye mwini akufuna kuleka, iwe ungovomera. Usanene kanthu, monga unachitira kubafa. Mwezi wamawa ndidzaphukanso, mudzi udzati wabwerera kwa mwamuna wake uja, ndipo adzachoka osabweranso. Nyumba ija, mikanda ija, ndowa yatsopano, zidzafuna mwini. Sindinanene kuti wakhalidwe ndiwe?"

Ana inu, ndikanakonda kukuuzani kuti Mwandida analavula pomwepo. Sanalavule. Anamasula mfundo, nayang'ana mibulu khumi ija, nayang'ana kamtsinje kodutsa pakhomo pa phanga. Anadziona atavala mikanda. Anadziona akusenza ndowa yosadontha. Dzanja linatambasuka lokha pamwamba pa madzi.

Ndiye mphepo inamubweretsera fungo la thupi lake lomwe, kafungo kotsalira ka sopo uja. Anamvanso mawu a amayi ake: "O, ndiwe." Anazindikira kuti angavale zonse za Lufina, koma aliyense wocheuka adzakhala akufuna wina.

Anafumbata dzanja. Lufina atabwera anamupeza ataima pakhomo ngati chitseko.

"Simudutsa, achemwali. Muyambe mwamva. Tsiku lija kubafa ndinakuonani ndi sopo. Lamulo ndinkalidziwa, koma ndinakhala chete dala. Ndipo alamu atandifunsa kumene mumapita masana, ndinkadziwa kuti mumakakhala m'madzi. Ndinati sindidziwa. Ndinati mumadzola mafuta."

Lufina anamuyang'ana. Kenaka khofi linalira pa tsaya la Mwandida, mpaka mleme unauluka kudenga.

"Mwana wa mayi anga! Ndinakulakwira chiyani?"

"Palibe. Munangokhala nazo zonse."

"Zonse? Ukuganiza sopo uja ndinkamufuna kumeneko? Alamu akowo ankati ndizinunkhira ngati akazi a kutauni, apo ayi akapeza wina. Ndinkasamba ndi mantha, iwe n'kumasirira!"

Mwandida anagwira tsaya. "Menyaninso mbali inayi ngati mukufuna. Koma taonani pamng'alupo."

Lufina anaona kamutu kaja, kali ndi nkhope ya mwamuna wake, ndipo pa tsaya lake panali patayamba kale kuphuka kena. Anakhala pansi. Anatambasula dzanja osamuyang'ana mng'ono wake.

"Bweretsa wa usiku uno."

Masiku khumi otsalawo anali aatali. Lufina sanalankhule naye masiku asanu. Mwandida ankakumba zikhawo zoti adye, kutunga madzi, kuchapa nsalu ya mkulu wake n'kuiyanika padzuwa mpaka iume gwaa. Kamutu kankasintha nkhope tsiku ndi tsiku. Kanakhala amayi awo n'kunena kuti, "Bwerani, ndikufa." Kanakhala mayi wa lezala n'kunena kuti, "Mibulu yambiri imatseka mimba," limene linali bodza. Tsiku lachisanu ndi chinayi Lufina anapita kumwezi, ndipo kamutu kanati, "Tsopano ndiye lekani, n'zosayenera." Lufina anayankha yekha: "Tseka pakamwa, ndamva kale." Nalowetsa mbulu wake.

Nyimbo ya tiana tachikasu inkakulirakulira. Titamaliza poyera tinalowa m'makwinya, m'ming'alu, paliponse pamene kamutu kanabisala, tikugwirana manja. M'mawa wotsatira mbulu wa khumi ndi chinayi, kamutu kotsiriza kanayesa kuitana kuti "mlamu," koma mawu anatuluka ngati mpweya wa mpira wobooka. Kanafota, kanauma, kanagwa. Chimauka chonse chinangotsala chikungwa chopepuka ngati khoko la njoka.

Mwandida anakatenga tsamba lija pamthunzi. Tialonda tinali titachulukana, ndipo tinabwerera kwa mwini wake tikunyinyirika: "Tikapezanso sopo, ulendo uno sitibwerera." Kambewu kakang'ono kamene kamatsala mwa mkazi aliyense tinakakhalira pamsana, n'kugonanso tulo take.

Anafika kumudzi tsiku lomwe mwezi unafa. Gwedeza anali pabwalo pamaso pa ankhoswe, mphasa yopinda ili m'khwapa. Anthu ataona Lufina anakuwa, amayi anagubuduka pansi, nthungululu zinasweka. Zinali monga kamutu kananenera: onse anathamangira Lufina. Mwandida anatsala kumbuyo ndi chikungwa pamutu, khala lija likumunyeka pang'onopang'ono. Analimeza. Anapita pakati pa bwalo n'kuponya chikungwa pamapazi a Gwedeza.

"Alamu, munkafuna dzina la mwamuna. Ndi uyu. Dzina lake Chimauka. Sanachokere kwa munthu, anadzuka yekha m'thupi alonda atathawa. Anawathamangitsa ndi makapisozi anu a pamsika ndi sopo wanu. Ndipo za mafuta zija ndinanama ine. Achemwali ankapita kukakhala m'madzi chifukwa cha ululu. Ndinanama chifukwa cha nsanje."

 Nkhoswe wa kuchikazi anatembenukira kwa Gwedeza. "Akamwini, mwamva? Amuna anzanu atapita kuphanga, inu munali kuti?"

Gwedeza anayang'ana mphasa yake ngati wina wamubisira m'khwapa. "Ine ndimangoti... poti amakana..."

"Munthu akamalira ndi ululu, inu mumamva dzina la mwamuna?" anatero Lufina. "Mphasayo musaitambasule msanga. Mukagone kaye kugowelo mpaka mtima wanga utsike. Ndipo sopo wanuyo muzichapira makolala."

Amayi a m'mudzi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Gwedeza anapepesa ndi tambala woyera pamaso pa onse, nakagona kumene anamuuza. Mayi wa lezala anakaliponya m'chimbudzi yekha, wina asanamuuze.

Kenaka amayi awo anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi ndowa yatsopano. Anadutsa Lufina. Anaima pamaso pa wamng'ono, namuyang'ana nthawi yaitali ngati akumuona koyamba.

"Mwandida," anatero. "Mwandida, mwana wanga."

Tsono inu, ana a Nadothi masiku ano simukawafuna pansi pa nthaka. Ali kuchipatala, m'timapaketi, ndipo anamwino amawadziwa. Ena amapatsidwa ya masiku ochepa, ena ya masabata awiri. Chimene akupatsani mumalize, ngakhale kuyabwa kutathe mawa. Koma musadzipime nokha, ndakupemphani. Si kuyabwa konse kuli Chimauka. Kwina kumachokeradi kwa amuna, ndipo kumafuna mankhwala ena, a awiri. Kukamabwererabwerera, kapena muli ndi pakati, kanenani msanga, mwina pali china chikudyetsa chilombocho, monga shuga. Lezala ayi. Ndikadzamva kuti wina wa inu wapita ku lezala, ndidzafa ndi mtima.

Kuyambira chaka chimenecho, mkazi akayamba kukhala mosakhazikika pa mphasa, anzake ankamunong'oneza kuti, "Pita kwa Mwandida akuuze zochita." Mbiri inafika midzi ya kutsidya. Tsiku lina kunabwera mlendo, napeza mkazi wokongola wa mpata pamano akupeta pakhonde.

"Zikomo, mayi," anatero mlendoyo. "Kodi inu si mkulu wake wa Mwandida?"

Lichero linaima m'manja. Lufina anayang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, milomo itakwinyika ngati walawa bwemba.

"Ndili ndi dzina langa," anatero.

Kuseri kwa nkhokwe, Mwandida anatula ndowa yake yodzaza mpaka pakamwa, n'kuseka mosatulutsa mawu.

Yathera pompa. Kaitaneni anyamata aja abwere nazo mbuzi, ndipo wina asakawauze.